Dimu yoloza kumwamba si dimu

Usiku wathawu ndikuchokera ku Dedza pa M1, ndinakumana ndi Sienta ina cha ku Nathenje, magetsi ake ngati akuwotcherera zitsulo. Ndinamuphethirira kuti adime. Iye n'kuyatsa fulu, kundionetsa kuti zomwe zimandithobwa m'maso zija inali dimu yake! Ndinangoponda buleki ndisakuona kanthu. Maso atabwerera, kumanzere kwanga kunali bambo akukankha njinga ya matumba a makala. Pang'onong'ono tikanakamba zina lero. Mpaka pano mtima sunatsike.

Abale anga oyendetsa galimoto, dimu yoloza kumwamba si dimu. Musamatinamize kuti "ine ndili pa dimu" chifukwa choti kanyale kabuluu ka padeshibodi kazima. Kanyaleko sikadziwa komwe magetsi anu akuloza. Amene akudziwa ndi ine amene ndikubwera kutsogolo kwanu, misozi ili chuchuchu. Babu ya H4 imene ili m'magalimoto ambiri kuno, fulu ndi 60W, dimu ndi 55W. Mphamvu ndi pafupifupi yomweyo basi. Chimasiyanitsa ndi komwe kuwalako kukugwera. Ndiye ngati kukugwera pankhope panga, mwadima chiyani?

Kaya munagula mababu a LED pamsika n'kuwakakamiza m'magetsi opangidwira mababu wamba, kaya makanika anaika babu mopendama, kaya munagunda mbuzi, zimenezo ndi zanu. Ife tikufuna kuona msewu.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'choti kukonza kwake sikufuna ngakhale ndalama. Imikani galimoto pamalo athyathyathya moyang'anizana ndi khoma, pafupi penipeni. Lembani mzere ndi choko kapena khala pakhomapo, molingana ndi pakati pa magetsi. Bwererani m'mbuyo mamita 10, yatsani dimu. Pomwe kuwala kwathera m'mwamba pakhale m'munsi mwa mzere uja ndi masentimita pafupifupi 10. Kukakwera pamwamba pa mzere, dziwani kuti ndinu amene mukutizunza usiku. Tsegulani boneti, kuseri kwa magetsiwo kuli masikuluu, ina yokweza ndi kutsitsa, ina yopititsa kumbali. Potokolani mpaka kutsike. Ndipo poti ife timayenda kumanzere, mbali ya kuwala imene imatukuka pang'ono izikhala kumanzere, iziwalira oyenda pansi ndi zikwangwani, osati dalaivala mnzanu. Zovuta pamenepa zili pati? Foni mumatha kuisintha mawu oitanira tsiku lililonse, koma sikuluu imodzi yakukanikani?

Inu a Sienta ndi a minibasi, mukapakira anthu ndi matumba a chimanga kumbuyo, galimoto imakhala pansi, mphuno n'kudzuka, magetsi n'kumasaka akadzidzi m'mitengo. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ali ndi kagudumu pafupi ndi chiwongolero, kolembedwa manambala kuyambira 0. Si kokongoletsa kameneko! Mukalemedwa kumbuyo, kapititseni pa nambala yokulirapo, magetsi aweramire pansi. Ena chigulireni galimoto sanakakhudzepo.

Mumati bola ine ndikuona. Mukuona inde, koma amene mwamuchititsa khunguyo akubwera komwe kuli inuko, pamsewu wopapatiza, m'mbali mokumbikakumbika. Akaphonya mzere wake agunda ndani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsitsani magetsi. Alozeni pa phula. Mukaona mnzanu akukuphethirirani pomwe muli pa dimu, musabwezere ndi fulu ngati ndewu, akukuuzani kuti magetsi anu ndi olakwika.

Nanga awa a diso limodzi? Umaona kuwala kumodzi patali n'kumati ndi njinga yamoto ya kabaza, kufika pafupi ndi lole yathunthu, theka lake lili mbali yako. Babu yapsa, kaya ndi fyuzi, kaya waya wa ethi wachita dzimbiri, munthu n'kumangoyenda pa fulu mwezi wonse kuti abise. Ndalama ya mafuta a ku Blantyre muli nayo, ya babu imodzi mulibe?