Chithunzi cha nkhwazi ya diso loyera musachifufute

Mwezi wathawu ndinalawirira ku Senga Bay nyanja idakali bata, ndipo ndinajambula nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba imene mwini bwato anaiponya pamadzi ataiimbira mluzu. Mwa zithunzi zonse za tsikulo, chimodzi chinatuluka diso la mbalameyo litayera mbuu ngati lagwa ng'ala. Mnzanga amene timajambula limodzi atachiona anati, "Achimwene, ichi chawonongeka, ingochifufutani." Sindinachifufute, ndipo ndikupempha anzanga onse ojambula mbalame kuno ku Salima kuti asiye kutaya zithunzi zoterezi.

Nkhwaziyo sinali kudwala ayi. Mbalame zili ndi zikope zitatu: cham'mwamba, cham'munsi, ndi chachitatu chopyapyala ngati nembanemba, chimene chimayenda chopingasa kuchokera mbali ya kumlomo kupita chakumbuyo. Chikope chimenechi chimapukuta fumbi, chimanyowetsa diso, komanso chimalitchinga pamene madzi akuthovoka kapena nsomba ikuphiriphitha m'zikhadabo, ndipo mwa mbalame zambiri kuwala kumadutsabe, kotero kuti mbalameyo siikhala mumdima. Chimayenda mwachangu kwambiri moti munthu woima m'bwato sangachione, koma kamera yotchera pa gawo limodzi mwa magawo 2000 a sekondi imachigwira chili pakati pa ulendo. Pamenepo kamera yaona chimene diso lathu lalephera, ndiye n'chifukwa chiyani tikuchitcha cholakwika? Ifenso anthu tili ndi kotsalira kake, kamnofu kofiirira kamene kali pakona ya diso pafupi ndi mphuno.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chizolowezi chokonza maso a mbalame pa kompyuta chithunzi chisanaikidwe pa Facebook. Wina amadetsa mwanadiso, wina amawalitsa mtundu, winanso amaikapo kadontho koyera kuti diso lioneke lamoyo. Mtundu wa diso ndi chizindikiro chimene odziwa mbalame amachidalira. Mwa mphipi, mbalame za m'madzi zodya nsomba, zazikulu za pachifuwa poyera zili ndi maso obiriwira, pamene zazing'ono za m'mabango, zikakula, maso ake ndi ofiira. Mukasintha mtunduwo, mwana wa sukulu amene akuphunzirira pa chithunzi chanu mwamunamiza.

Ngakhale ukali umene timauona pankhope ya nkhwazi uli ndi chifukwa chake. Pamwamba pa diso pali mzere wotundumuka ngati khonde la nyumba, umene umatchinga dzuwa ndi kuteteza diso, ndipo ndiwo umachititsa kuti mbalameyo ioneke yokwinya nsidze ngakhale itakhuta ili phee pamtengo. Mkati mwa diso lililonse, mbalame zambiri zolusa zili ndi malo awiri oonera zinthu mwakuthwa, pamene ife tili ndi amodzi okha. Ena amathandiza kuona zapatsogolo, ena akuya amaloza cham'mbali ndipo ndi amene amaona zakutali. Choncho nkhwazi ikapendeketsa mutu n'kukuyang'anani ndi diso limodzi, si kuti yakana kujambulidwa bwino, koma ndi pamene ikukuonani bwino koposa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wojambula wopupuluma amangofuna kuti mbalame imupenye ndi maso onse awiri, n'kuphonya mphindi yeniyeniyo.

Kupendeketsa mutuko kumabweranso chifukwa maso a mbalame ndi aakulu ndipo amadzaza chigaza, atagwiridwa ndi mkombero wa timafupa, motero satembenuka momasuka ngati athu. Kadzidzi ndiye wafikapo, pakuti maso ake ndi otalika chakumbuyo ngati kachubu ndipo pafupifupi sasuntha konse. M'malo mwake khosi lake lili ndi mafupa 14, pamene lathu lili ndi 7, ndipo amazungulitsa mutu mpaka madigiri 270. Kumudzi ambiri amati kumeneko ndi kukhwima, n'kumugenda ndi miyala. Chithunzi chooneka bwino, chokhala ndi mawu awiri atatu ofotokoza, chikhoza kupulumutsa kadzidzi mmodzi pamtengo wa mango.

Chithunzi changa chija ndachitsukitsa, ndipo ana a mlongo wanga atachiona anathamangira kukhola kukagwira thadzi. Analigwira mofatsa pamthunzi, analiyang'anitsitsa m'diso kwa kanthawi, ndipo wamng'onoyo ndiye anayamba kufuula kuti wakaona kachikope koyera kakudutsa.