Mabuku a minda ya mabwana a ku England asamadulidwe

Abale, ndimamva kuwawa ndikaona zithunzi zakale za nyumba ndi minda ya mabwana a ku England zikugulitsidwa chimodzichimodzi, zili m'mafelemu onyezimira. Zambiri mwa izo anachita kuzidula m'mabuku. Ogulitsa ena anazindikira kuti buku lathunthu limapeza wogula mmodzi, pomwe masamba ake akagulitsidwa paokhapaokha ndalama zimachuluka. Kwa ine uku ndi kupha mboni.

Taonani Britannia Illustrata, buku lomwe linatuluka ku London mu 1707. Muli zithunzi 80 zojambulidwa ndi Leonard Knyff, ndipo Jan Kip ndiye anazizokota pa mkuwa kuti zisindikizidwe. Onsewa anali ochokera ku Netherlands. Malo alionse akuoneka monga momwe mbalame ingawaonere ili m'mwamba: nyumba pakati, mizere ya mitengo yowongoka mpaka kutali, maiwe a makona anayi, minda ya zipatso ndi ya ndiwo zamasamba. Patapita zaka makumi angapo fasho inasintha. Lancelot Brown, katswiri wokonza maonekedwe a minda yemwe ankamutcha Capability, pamodzi ndi otsanzira ake anafafaniza minda yambiri yotereyi n'kuikapo kapinga, nyanja zokumba ndi timagulu ta mitengo. Minda yochuluka ya nthawi ya Kip inatsala papepala basi. Ukamwaza masambawo m'nyumba za anthu, ndani adzathenso kuwaika pamodzi kuti aone mmene dziko lonse la England linkaonekera?

Koma amene amandigwira mtima kwambiri ndi Humphry Repton, katswiri winanso wokonza maonekedwe a minda, wobadwa mu 1752 yemwe anamwalira mu 1818. Mwini malo akamuitana, iye ankamukonzera buku lakelake lolembedwa pamanja, lokutidwa ndi chikopa chofiira, n'chifukwa chake amatchedwa Red Books. La ku Sheringham m'dera la Norfolk ndi la 1812. Luso lake linali kakapepala komatidwa pachithunzi. Kakakhala kotseka, ukuona malowo mmene alili. Ukakavundukula, ukuona mmene adzakhalire ntchito ikatha.

M'buku lomwe anasindikiza mu 1816, Repton anajambula zomwe ankaona ali pakhomo pake ku Hare Street, ku Essex. Pakapepala kapamwamba pali msewu, butchala yomwe nyama zake zapachikidwa panja, ndi bambo wopemphetsa wa mwendo wamtengo ataima pampanda. Ukavundukula, mpanda wasunthidwa, maluwa aphimba nyama zija, ndipo bambo uja palibenso. Repton sanachite nazo manyazi, anaziika ngati chitsanzo cha ntchito yabwino. Ine zimandimvetsa chisoni, komabe ndimathokoza kuti anazijambula, chifukwa zikutiuza poyera kuti kukongola kwa minda imeneyi nthawi zina kunkafuna kuti osauka achoke pamaso. Ndipo sizinali za papepala pokha. Ku Milton Abbas m'dera la Dorset, mwini malo wina dzina lake Joseph Damer anasamutsa tauni yonse chifukwa inali pafupi kwambiri ndi nyumba yake. Nyumba ya Harewood ku Yorkshire inamangidwa ndi chuma chomwe banja la Lascelles linapeza ku Caribbean, m'malonda a shuga wolimidwa ndi akapolo ochokera kuno ku Africa.

Tsono tsamba la Repton likalowa m'felemu kuseri kwa galasi, kakapepala kaja sikavundukukanso. Wogula amasankha mbali imodzi, ndipo mawu omwe mwiniwake analemba pofotokoza zolinga zake amatsalira kwina.

Sindikuletsa munthu kukonda zithunzi zokongola, inenso ndimazikonda kwambiri. Wofuna chopachika pakhoma agule chojambulidwanso, zilipo zambiri ndipo n'zotchipa. Mabuku enieniwo akhale athunthu, ndipo malaibulale omwe akuwasunga akamawaika pa intaneti, chonde azijambula tsamba lililonse kawiri, kakapepala kali kotseka komanso kali kovundukula.