Ziweto zikasiya kuswana, yezaninso yaimuna ndi madzi

Koma abale, nkhani ya aseniki, poizoni wa m'madzi amene angathe kuwononga umuna wa ziweto, imandisowetsa mtendere. Ziweto zikasiya kutenga bere aliyense amaloza chala yaikazi, eti ndi chumba igulitsidwe basi, pomwe nkhunzi kapena tonde palibe amene amamukayikira poti akudya bwino komanso akukwera ngati kale. Inetu ndimati yambani mwayeza yaimunayo ndi madzi amene ikumwa.

Aseniki ndi poizoni wopezeka m'miyala ya pansi, amasungunuka n'kulowa m'madzi a m'zitsime ndi m'mijigo, alibe fungo alibe kakomedwe, madziwo amangooneka oyera mbee. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamaikirogalamu 10 pa lita ya madzi akumwa, koma ku Bangladesh ndi ku West Bengal m'dziko la India zitsime zambiri zinapezeka zitadutsa malirewo kutalitali, ndiye ng'ombe za kumeneko zimamwa madzi omwewo n'kudyanso mapesi a mpunga wothiriridwa ndi madzi omwewonso.

Asayansi akamwetsa makoswe ndi mbewa mankhwala a aseniki otchedwa sodium arsenite kwa masabata angapo, zimene amapeza zimangobwerezabwereza: mavalo amachepa kulemera, mbewu za umuna zimachepa, zotsalazo zina sizithamanga zina zimakhala zopunduka mutu kapena mchira, homoni yachimuna ya testosterone nayo imatsika. Chimachitika n'chakuti aseniki amafooketsa ma enzyme a m'maselo a m'mavalo otchedwa Leydig amene amapanga testosterone, amatsitsanso LH ndi FSH, mahomoni amene amalamula mavalo kuti agwire ntchito. Kuwonjezera apo amakakamira pa salufa wa m'mapuloteni n'kumaliza glutathione amene amateteza maselo, ndiye umuna poti khungu lake ndi lamafuta osachedwa kuwonongeka, umavulala msanga. N'chifukwa chake makoswe amene anapatsidwanso vitamini C, vitamini E kapena selenium ankakhalako bwino, koma zimenezo si chilolezo choti chiweto chizimwabe madzi oipa ayi.

Ena anena kuti mlingo wa mu labu umakhala waukulu kuposa wa pa chitsime. Zoona ndithu, sindikukana. Koma nkhunzi imamwa malita makumimakumi tsiku lililonse kwa zaka, ndipo umuna wake umatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti upangike, ndiye vuto likamadzaoneka palibenso amene amaganizira za madzi.

Chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti aseniki winayo ziwetozi tinkazipatsa tokha. Kale mankhwala a dibi ophera nkhupakupa anali a aseniki, malo ena nthaka yake ikadali nayebe mpaka pano. Roxarsone, mankhwala enanso a aseniki, ankamuthira dala mu chakudya cha nkhuku kuti zikule msanga, ku America anasiya kumugulitsa mu 2011. Nalo phulusa la matabwa otetezedwa ndi CCA (mankhwala a aseniki oletsa matabwa kuola, amene amawasiya obiriwira) ng'ombe zimalinyambita mosangalala, zina mpaka kufa kumene, ndiye musamaotche matabwa obiriwira aja pafupi ndi khola kapena kodyetsera.