Misongolo yamagazi pa deadlift tisiye kuiombera m'manja

Maganizo anga awa, ena mukwiya koma ndinena basi. M'majimu athu muno mu Lilongwe, kaya ndi aja a m'tauni okhala ndi magalasi khoma lonse kaya ndi athu a kuseri kwa nyumba ku Kawale, Area 25 ndi Chinsapo, pali kachizolowezi kamene sikandisangalatsa olo pang'ono. Munthu wamaliza seti ya deadlift, kuja konyamula chitsulo cholemera kuchoka pansi mpaka kuimirira nacho, misongolo yasupuka, magazi akutsikira mu nsapato, anzake kumuombera m'manja ati kulimba ndi kumeneko, iye kujambula kuponya pa status. Ayi amwene. Chitsulo chimayenera kudutsa chikukhudza mwendo, zoona, koma kukhudza ndi kukumba ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ukaona khungu likutsalira pa chitsulo sabata ndi sabata dziwa kuti china chake pa kaimidwe kako sichili bwino.

Poyamba ndichenjeze ma guy amene akangosupuka kamodzi amayamba kuchitalikira chitsulo. Imeneyo ndiye ngozi yeniyeni. Chitsulo chikamayenda patali ndi miyendo katundu yense amathera pa msana wa m'munsi, ndipo chilonda cha pa msongolo chimapola pa masabata awiri pomwe msana ukavulala utha kukhala miyezi ukulephera ngakhale kumanga zingwe za nsapato. Ndiye yankho si kuchithawa ayi.

Vuto la ambiri ndi loti amayamba deadlift ngati akufuna kupanga squat, kuja konyonyomala utasenza chitsulo. Matako pansi kwambiri, mawondo atsogola, misongolo yapendekera pamwamba pa chitsulo, ndiye pokoka chitsulocho chikufuna kukwera molunjika koma chikupeza fupa lili panjira, chitani? Chimapala basi. Ndipo pa msongolo palibe mnofu woti ungateteze, ndi khungu lopyapyala kenako fupa. Kaimidwe kabwino nkosavuta: imirira chitsulo chili pakati pa phazi, pamwamba pa pomwe umamangira zingwe za nsapato, apa msongolo umakhala utatalikira ndi masentimita awiri kapena atatu okha. Werama ugwire osachigudubuza. Kenako pinda mawondo pang'ono mpaka misongolo ingochikhudza, ikangokhudza ima pomwepo, usapitirize kutsitsa matako. Tukula chifuwa, finya m'khwapa kuti minofu ya m'mbali mwa msana igwire ntchito, yamba wachikoka pang'ono mpaka umve kuti chakungika musanachoke pansi, kenako kankha pansi ndi mapazi. Ukatero mawondo amabwerera m'mbuyo okha chitsulo chikamakwera, njira imatseguka. Zomachita kuchizula mwadzidzidzi zija ndi zimene zimachimenyetsa pa fupa.

Potsitsa napo ambiri amavulalira pomwepo osadziwa. Yamba ndi kubweza chiuno m'mbuyo, mawondo upinde chitsulo chikawadutsa kale. Ukayamba ndi mawondo chigunda pa bondo kenako chitsetsereka ndi msongolo wonse mpaka pansi.

Koma pali nkhani ina imene makochi a pa YouTube sangakuuzeni chifukwa iwo majimu athu sawadziwa. Puleti yovomerezeka ya pa mpikisano, cholemera chozungulira chija cholowetsa kumapeto kwa chitsulo, ndi yotambalala masentimita 45, kutanthauza kuti chitsulo chimayambira pa masentimita pafupifupi 22 kuchoka pansi, ndipo malangizo onse amene mumaonera aja amawerengera kutalika kumeneko. Ife kuno timanyamula zimene zapezeka, simenti youmba mu chitini cha penti, magiya ndi ma brake drum a galimoto ogula kwa osula ku Biwi, timapuleti ting'onoting'ono ta ma 10 kg tosanjikiza. Zonsezi ndi zazifupi, chitsulo chimakhala pafupi ndi akakolo, ndiye kuti uchifikire umakakamizika kunyonyomala, mawondo kutsogolo, misongolo panjira, kusupuka kuja nkuyamba ngakhale uli wosamala bwanji. Mankhwala ake satenga ndalama: ikani matabwa kapena njerwa zolimba pansi pa mapuleti mbali zonse mpaka chitsulo chifike pa masentimita 22 aja, yezani ndi tepi kamodzi mulembe pa khoma. Ine ndimalemekeza kwambiri aliyense amene anaumba yekha zitsulo zake chifukwa ndi anthu amene masewerawa amawakondadi, nchifukwa chake zimandiwawa kuwaona akuvulala pa chinthu choti chikanatheka ndi njerwa zinayi.

Chitsulo chenichenicho nachonso tiyang'ane. Cha 20 kg chija chogula chili ndi malo okhakhala ogwirapo manja ndi malo osalala chapakati, ukaima mapazi motalikirana ngati m'lifupi mwa chiuno misongolo imagwera pa posalala. Amene mumakonda sumo, miyendo yotangadza, dziwani kuti inu mumadutsa pa pokhakhala penipeni ndiye kuvala kanthu nkosakambirana. Tsono chitsulo cha pa bilidingi chija chokhala ndi mizeremizere, china cha dzimbiri, chimenecho chimadula ngakhale kaimidwe kakhale kabwino chotani. Pitani nacho kwa owotcherera achipale ndi grinder pomwe pamadutsa miyendo, kapena kulungani tepi pamenepo.

Za masokosi. Ena amati masokosi aatali ndi za anthu amantha. Malamulo a IPF, bungwe loyendetsa mipikisano ya powerlifting, masewera onyamula zitsulo zolemera, pa dziko lonse, amakakamiza aliyense kuvala masokosi ophimba misongolo pa deadlift, ulibe sukwera pa pulatifomu, ndipo ena mwa amenewo ndi anthu okoka ma 300 kg kupita m'mwamba. Nanga ife a 120 kg tikukanira chani? Masokosi a mpira ali mbwee mu kaunjika ku msika wa Tsoka, sankhani okhuthala ofika m'munsi mwa bondo. Tilakisuti nayo imathandiza bola isakhale yokhuthukira yoti chitsulo chizikodwamo pa bondo. Ndikudziwa mu October kutentha kwake munthu sufuna chilichonse m'miyendo, koma ndi ma seti angati a deadlift, mphindi 20 zokha ukavula. Ngati pali chilonda kale chimene sichinapole, mata pulasitala, valira shin pad ya mpira mkati mwa sokosi kapena tembenuzira knee sleeve, chovala chothina cha pa bondo chija, pa msongolo, apo ayi nkhanambo izingochoka sabata iliyonse mpaka patsale chipsera chakuda chosatha. Ndipo mu June ndi July khungu likauma mbuu limang'ambika msanga, dzolani mafuta usiku, osati pomwe mukukanyamula chifukwa mupaka chitsulo anzanu chiziwapulumuka m'manja.

Chimene chandipangitsa kulemba zonsezi kwenikweni ndi magazi otsala pa chitsulo. Mwendo ndi wako, chabwino, koma chitsulo ndi cha tonse. Iwe wasupuka wachoka, akubwera mnzako manja ake ali ndi matuza ophulika, misongolo yake nayo ili ndi tizilonda, akudutsitsa chitsulo chomwecho pa malo omwewo. Anthu tikamva magazi timangoganiza za HIV, koma kachilombo ka Hepatitis B, kamene kamaononga chiwindi, kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposera apo ndipo kamapatsirana mosavuta kuposa HIV. Katemera wake analowa mu ndondomeko ya ana kuno ku Malawi mu 2002, ndiye ambiri amene tinabadwa chisanafike chaka chimenecho sitinabayidwe tili makanda. Onjezerani kafumbata, amene tizilombo take timakhala mu dothi ndi fumbi, ndipo majimu athu ambiri a m'makomo chitsulo chimagona pa dothi lomwelo. Izi si zoopsezana ayi, ndi zoti tizidziwa tikamaseka magazi a mnzathu.

Ukasupuka siya seti, tsuka chilonda ndi madzi ndi sopo, phimba, kenako pukuta chitsulo wekha usadikire kuti mwini jimu akuuze. Chilonda chikakhala chakuya, kapena chikayamba kutupa, kutentha ndi kutulutsa mafinya, pita ku chipatala ukafunsenso za katemera wa kafumbata.

Eni majimu, inu a bwana amene mumatolera ndalama pa mwezi, chonde pakona pakhale botolo la Jik wosungunula, gawo limodzi Jik magawo 6 madzi, kansalu, bulashi ya waya ndi mapulasitala. Mukapukuta ndi Jik muumitse chitsulocho mupakeko kamafuta pang'ono chifukwa amachititsa dzimbiri. Ndipo mafana atsopano akabwera tsiku loyamba, musanawaonjezere mapuleti yambani mwawaonetsa poika phazi, muwauze kuti mawa abwere ndi masokosi aatali.