Bwinja lili ndi eni ake, si "nyumba ya mizukwa"

Mphwanga waika zithunzi pa Facebook sabata yathayi. Anakajambula pa esiteti ina yakale kuno ku Kasungu, pamwamba n'kulembapo kuti "nyumba ya mizukwa". Anzake aseka, ena akuti awaperekeze usiku. Ine ndiye zandinyansa, ndipo ndamuuza pamaso.

Kujambulako sindikutsutsa ayi. Inenso ndimajambula, ndipo ndikanakonda tikanachuluka. Nyumba zakale kuno sizichedwa kutha. Malata amayamba kupita, kenako mafelemu a zitseko, njerwa nazo anthu amagumula n'kukamangira makhitchini. Chotsala chiswe chimamaliza. Mabalani aja ankaumitsiramo fodya ndi moto wa m'mapaipi, mwana wobadwa lero adzawaonera kuti? Ku Mchinji, komwe kale kunkatchedwa Fort Manning, ndi angati angakulozereni chotsala cha nthawi imeneyo?

Malo omwe anapita mphwangawo ndinafikako chaka chatha. Ndinayamba ndaodira kwa a nyakwawa, iwo n'kundipatsa agogo ena amene anakhalapo tenanti pamenepo. Tinalowa mu ofesi yopanda denga, fungo la mileme lokhalokha, chitedze chitayanga pawindo. Pakona panali buku lonyowa, masamba atamatana. Nditatsegula ndinapeza mayina a matenanti, pambali pake ngongole: chimanga ndowa zakuti, mchere, feteleza, makasu. Ena m'malo mosayina anadinda chala.

Agogo aja anangoti, "Mwanangu, tseka. Ena mwa amenewa ana awo ali pamsika pompano."

Bukulo sindinalijambule. Ndinajambula khomo la balani, pomwe njerwa zinada ndi mwaye, iwo akundilongosolera mmene ankachezera usiku wonse kusonkhezera nkhuni kuti moto usazime, poopa kapitawo. Anandionetsanso mtengo wa mango umene anabzala chaka chimene mwana wawo woyamba anabadwa. Ndiye wina abwere ndi foni, ajambule mphindi khumi, aziti mizukwa?

Khalidweli taliona pa YouTube. Kunja kuli anthu amene amalowa m'zipatala zakale za odwala matenda a maganizo, tochi m'manja, kufunafuna zoopsa. Ku America, chipatala cha Trans-Allegheny ku West Virginia chinatsekedwa mu 1994, pano anthu amalipira kuti akasake mizimu mmenemo. Koma ku Willard, m'chigawo cha New York, chipatala chitatsekedwa mu 1995 anapeza masutikesi oposa 400 a odwala ali kudenga. Munali zovala, makalata, zithunzi za abale. Anthu analongedza ngati a paulendo, ambiri osabwereranso kwawo. Amene anaona masutikesiwo anaona anthu, pomwe wa tochi uja amangoona makoma.

Kwathu kuno nkhani ya matenda a maganizo ndi yovuta kale. Munthu akangopita ku Zomba Mental Hospital, dzina lake limasintha mpaka imfa, ngakhale achire. Nanga tikazolowera kuseka malo amene anthu anavutikirapo, tidzaleka liti kuseka anthuwo?

Komanso tisaiwale, malo ngakhale aoneke otayidwa amakhala ndi mwini. Kulowa mozemba mudzakumana ndi mlonda, kapena njuchi, zomwe sizifunsa kuti mwadzatani. Khoma losweka nalo silichenjeza.

Mphwanga akuti ndikukulitsa nkhani, mawu aja anangolemba kuti anthu adine. Sanawafufutebe. Ndamuuza kuti Loweruka tikwera njinga limodzi, ndikamusiye kwa agogo aja. Ndili nawonso ngongole: anandipempha kuti chithunzi cha mtengo wa mango chija ndikachitsukitse, akufuna kuchipachika pabalaza.