Asiyeni amayi anyamule, chifundo chanucho n'chimene chikuwamaliza

Lamlungu lapitali ndinapsa mtima ndipo mpaka lero sunaphwe, ndiye ndilembe pompano aliyense amve.

Titaweruka kutchalitchi, anthu anadzera kwathu ku Rosettenville, kuno ku Joni, kudzamwa tiyi. Amayi anga anali pakhonde, zigubu ziwiri za madzi za malita 5 m'manja, akuyenda nazo kukafika pageti n'kubwerera, monga amachitira masiku onse. Alamu anga, akazi a achimwene, atangolowa anawatsomphola zigubuzo ngati akulanda mpeni kwa mwana. "Iii amayi, takhalani pansi! Ana anu tilipo, mukuvutikiranji?" Kenako n'kutembenukira kwa ine, alendo ali pomwepo: "Alamu, munawaitanitsa kumudzi kuti adzakhale antchito anu? Anthu atiseka." Amayi, poti sakonda mikangano, anangomwetulira, kupukuta manja pachitenje, n'kukakhala pasofa. Sofa yomweyo imene inatsala pang'ono kuwapundula chaka chatha.

Ndinena mosapsatira. Kumulanda katundu mayi wachikulire nthawi zonse si ulemu, n'kumupha pang'onopang'ono uku ukumwetulira.

Amayi anabwera kuchokera ku Ntcheu ali ndi zaka 67. Kumudzi ankalima okha mizere, ankasenza ndowa ya malita 20 kuchokera kumjigo, ndipotu malita 20 a madzi ndi makilogalamu 20, osawerengera ndowayo. Kusinja, kuwaza nkhuni, kudzuka pamkeka osagwira pansi. Palibe anawauzapo kuti akuchita masewera olimbitsa thupi, koma jimu yawo inali imeneyo. Atafika kuno ku Joni tonse tinati amayi avutika mokwanira, apume. Ineyo ndinali patsogolo, sindikudziyeretsa. Tinawagulira bulangete lolemera chifukwa cha chisanu cha mu June, tinawaphunzitsa rimoti, tinawaletsa ngakhale kusesa. Akati agwire mphika, wina wathamangira. Akati atsike masitepe, wina wati dikirani.

Miyezi 8 yokha. Tsiku lina m'mawa ndinamva akundiitana chapansipansi kuchimbudzi. Ndinawapeza atakhala, dzanja limodzi litagwira sinki, akuyesera kudzuka koma miyendo ikukana. Anandiyang'ana mwamanyazi n'kunena kuti, "Mwanawe, tandikokako." Mayi amene ankasenza thumba la chimanga kupita nalo kuchigayo! Ntchafu zinali zitaphwa, khungu likungolendewera. Botolo la mafuta ophikira ankalephera kutsekula. Pokwera takisi pa renki ya Bree wina ankachita kuwakankha kumbuyo. Sanadwale malungo, sanagwe, sanachite sitiroko. Anangopuma basi, monga tinawauzira.

Pakadafunda padajiwitsa galu.

Inde ukalamba umadya mnofu, munthu akangopitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa ndi maperesenti 3 mpaka 8 pa zaka 10 zilizonse, zikakwana 60 n'kumathamanga, ndipo amayi akasiya kusamba mafupa nawonso amayamba kufumbwa. Madokotala ali nalo dzina, amati sarcopenia. Koma musabisale kuseri kwa dzinalo. Mnofu umene sukugwira ntchito thupi limautaya, ndipo amene akuulanda ntchitoyo ndi inuyo ndi "takhalani pansi" wanuyo.

Wa fiziyo wina (katswiri wolimbitsa ziwalo za thupi) kukiliniki ndi amene anatitsekula m'maso. Anawayeza BP, anafunsa za shuga ndi mawondo, kenako anakoka mpando n'kuwauza kuti apinde manja pachifuwa, adzuke n'kukhalanso kasanu. Anakwanitsa kawiri, kachitatu anagwera pampando. Iye sanalembe mapiritsi. Anati mankhwala ake ndi mpando womwewo. Kudzuka ndi kukhala osagwira, kukankha khoma ndi manja, kukwera sitepe imodzi n'kutsika, kuima ndi mwendo umodzi atagwirira sinki, kunyamula cholemera. Ndipo cholemeracho chizionjezeka, chikayamba kupepuka sichikugwiranso ntchito. Tinayamba ndi mabotolo a malita 2. Lero amadzuka pampando ka 12 osagwira, thumba la ufa la makilogalamu 10 amalitola pansi n'kuliika patebulo okha. Madzi akasiya kutuluka m'mipopi, ndipo amene tikukhala mu Johannesburg muno tikudziwa kuti si zachilendonso, amatenga zigubu zawo n'kupita nawo kuthanki ngati wina aliyense. Kuchimbudzi saitananso munthu.

Ndiye wina abwere ndi diresi lake la kutchalitchi adzawalande zigubu, ati chifundo? Chifundo chanjicho chofuna kumubwezera munthu pa sinki paja?

Musandiuze kuti akula kwambiri. Mu 1990 ku Boston, ku America, ofufuza anatenga nkhalamba zofooka za zaka za m'ma 90, zokhala kunyumba yosungirako okalamba, n'kuziyambitsa kunyamula zolemera ndi miyendo. Patatha milungu 8 mphamvu za m'miyendo zinali zitaposa kuwirikiza kawiri. Zaka 90! Amayi anu a zaka 65 mukuti atha ntchito? Nalo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena poyera kuti amene afika zaka 65 azichita zolimbitsa minofu ndi zowathandiza kuima osadzandira masiku osachepera atatu pa mlungu. Silinati azikhala pasofa masiku 7 akuonera maulaliki pa TV.

Ena mumati, "Amayendatu, amakatenga adzukulu kusukulu." Kuyenda n'kwabwino, aziyenda. Koma kuyenda chabe sikubwezeretsa ntchafu. Mnofu umafuna chinthu chouvuta, chimene ukachinyamula ka 10 umamva kuti apa ndagwira ntchito. Mapaki ena mumzinda muno ali ndi zitsulo zaulere, zangokhala padzuwa. Koma ukati amayi tiyeni, wina wayamba kale, "Mayi wamkulu pazitsulo, anthu aziti chiyani?" Anthu ake ati? Omwewo amene sadzabwera n'komwe kudzathandiza kuwatembenuza pabedi?

Chifukwatu mathero ake tonse timawadziwa. Palibe amene sadziwa agogo ena amene anaterereka kubafa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanapondenso pansi. Zilonda za pabedi, matewera a akuluakulu, chibayo, kenako uthenga pa WhatsApp. Pamaliro timati, "Anangogwa basi." Sanangogwa. Miyendo inali itatha kalekale, tikuitha ndife ndi ulemu wathuwo. Mayi amene ali ndi mphamvu m'miyendo akapunthwa amadzigwira, wopanda mphamvu amapita yense ngati thumba.

Ulemu weniweni ndi woti mayi athe kudzisambitsa yekha, kudzuka yekha, kukwera yekha basi pa Park Station tsiku limene wafuna kubwerera kwawo. Mufunseni mayi aliyense chimene amaopa kwambiri, si imfa ayi, n'kusambitsidwa ndi mpongozi. Inu mukawalanda chigubu mukuwayandikiza komweko. Mukawalanda tsache, komweko. Mukathamangira kuwagwira mkono asanayese n'komwe kudzuka, komweko. Imani pafupi, yang'anirani, akadzandira agwireni. Koma asiyeni ayambe okha.

Alamu, ngati mukuwerenga, ndipo ndikudziwa kuti mukuwerenga chifukwa simuphonya kanthu pa Facebook, sindikudana nanu. Koma tsiku lina mukadzawalandanso katundu amayi m'nyumba mwanga, ndidzakusiyirani mlungu wathunthu muziwadzutsa nokha usiku.

Ndipo poti ndayamba kale, nanga chakudya chimene timawapatsa amayiwa? M'mawa tiyi ndi buledi, masana nsima ya supu, nyama tasungira abambo akaweruka. Minofu imangidwa ndi chiyani, shuga wa mu tiyi? Dzira, nyemba, nsinjiro, usipa umene anthu amabwera nawo pabasi mlungu uliwonse, zonsezi zilipo ndipo si zodula kuposa eyataimu imene timawotcha. Koma ayi. Ndalama ya bungwe la maliro sitiphonya mwezi ngakhale umodzi, kuopa kuti mtembo ungadzavute kuutumiza ku Malawi. Bokosi talikonzekera, galimoto talikonzekera, yunifolomu ya pamaliro tasankha kale mtundu. Thireyi ya mazira ya munthu wamoyo ndiye mpaka tichite kukhalirana pansi.