Lonjezo la Mulungu ndi phala la nkhuyu

Mwezi wathawu tinasonkhana m'chipinda china ku Rosettenville kuwerengera ndalama za chipepeso, kuti titumize kumudzi thupi la m'bale wathu amene tinkaimba naye kwaya. Aliyense amene wakhalitsa kuno ku Joni akudziwa kulemera kwa ntchito imeneyi, chifukwa pamafunika mapepala, bokosi, ndi galimoto yoti idutse pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi ku Tete mpaka ikafike pa Mwanza, ndipo ndalama zonsezo zimachokera m'matumba mwa anthu ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa. Polongedza katundu wa malemuyo, amayi ena anapeza mabotolo atatu a ma ARV pansi pa chikwama, onse osatsegula. Tinamva pambuyo pake kuti anasiya kumwa mankhwalawo atachokera ku mapemphero a usiku, kumene mneneri wina anamuuza kuti wachira, ndipo kuti kupitiriza kumwa mapiritsi n'kukayikira Mulungu. Dzina la mneneriyo sinditchula. Chimene chikundilembetsa ndi funso limene lakhala likundisowetsa tulo kuyambira tsiku limenelo, lakuti ife a mpingo wake tinamuphunzitsa chiyani chimene chinachititsa kuti mawu otere awakhulupirire msanga.

Anthu akamakamba za chikhristu ndi sayansi amathamangira ku Genesis ndi masiku asanu ndi limodzi a chilengedwe, ndipo kuno nkhaniyi sitingaithawe, popeza mapanga a Sterkfontein ali pafupi ndi mzinda uno. Kumeneko n'kumene Robert Broom anapeza chigaza cha cholengedwa chofanana ndi munthu chotchedwa Mrs Ples mu 1947, chimene akatswiri amati chatha zaka zoposa 2 miliyoni, ndipo mu 2015 akatswiri a ku yunivesite ya Wits analengeza za mafupa a Homo naledi opezeka m'dera lomwelo. Mwana wanga wamkazi atabwera kuchokera ku Maropeng, malo osonyeza alendo za mafupa akalewa, kumene anapita ndi anzake a kusukulu, anandifunsa ndili pakati pa kudya kuti, “Ababa, kodi wabodza ndani, aphunzitsi kapena abusa?” Ndinatafuna nsima nthawi yaitali ndisanayankhe. Ndinamuuza kuti aphunzitsi ake akuyeza mafupa ndi miyala kuti adziwe kuti zinthu zinachitika liti ndiponso motani, pamene Genesis akutiuza amene analenga, ndi chifukwa chake munthu aliyense, ngakhale wopanda pasipoti, ali ndi chifaniziro cha Mulungu. Sindinamuuze kuti akatswiriwo ndi atumiki a Satana, ngakhale kuti mawu amenewo ndawamvapo kangapo pa gome.

Maganizo amenewa si achilendo mu mpingo. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anachenjeza zaka zoposa 1,500 zapitazo kuti Mkhristu akamalankhula zopanda nzeru za dziko ndi nyenyezi n'kumati Malemba ndiwo akutero, amachititsa kuti anthu odziwa zinthuzo anyoze Malembawo. Gregor Mendel, amene anabzala nsawawa m'dimba la nyumba ya ansembe ku Brno n'kutulukira mmene ana amatengera makolo awo, anali wansembe, ndipo Georges Lemaître wa ku Belgium, amene mu 1927 anaonetsa kuti thambo likufutukuka, nayenso anali wansembe wa Katolika.

Koma chimene ndikufuna kuti abusa ndi akulu a mpingo amve si mayina amenewa. Mpingo umene Lamulungu umaphunzitsidwa kuti anthu a sayansi ndi adani a Mulungu sungakhulupirire namwino Lolemba. Tikamaseka pa gome za anthu ofukula mafupa, timaganiza kuti tikuteteza Baibulo, osadziwa kuti tikulimira munda mneneri wa madzi odzozedwa, amene adzangobwera n'kuwonjezera kuti dokotala nayenso ndi wa gulu lomwelo. Apa m'pamene maphunziro a zaumulungu amafika m'chikwama cha m'bale wathu uja.

Nkhani ya mfumu Hezekiya pa 2 Mafumu 20 ndaiwerenga kambirimbiri masiku ano. Mfumu inadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, inapemphera ndi misozi, ndipo Mulungu anatuma Yesaya kukaiuza kuti waiwonjezera zaka 15. Lonjezo litaperekedwa kale, Yesaya yemweyo analamula kuti atenge nkhuyu aziike pachithupsa, ndipo mfumu inachira. Mneneri weniweni sanaone kuti phala la nkhuyu likuchepetsa mawu a Mulungu, ndipo sanauze Hezekiya kuti kulola mankhwala n'kusowa chikhulupiriro. Paulo, amene anapempherera odwala n'kuchira, anatcha Luka sing'anga wokondedwa, ndipo Timoteo atavutika m'mimba anamulangiza za chakumwa. Ngati Mulungu ndiye analenga thupi, mitengo ndi nzeru za munthu, ndiye kuti mankhwala ochokera ku labotale sachokera kwa mulungu wina.

Ife Amalawi sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, chifukwa uthenga unafika kwathu utanyamula chikwama cha mankhwala. Robert Laws, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, anali m'busa komanso dokotala, ndipo ambiri a ife tinabadwira m'zipatala za mishoni monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo kapena St Luke's ku Malosa. Agogo athu ankayamba ndi mapemphero a m'mawa pakhonde la chipatala kenaka n'kufola pamzere wa jakisoni, osaona chotsutsana. Dziko limene tikukhalali nalonso linalawa kuwawa kwa kukana sayansi, pamene nduna ya zaumoyo m'nthawi ya Thabo Mbeki inkalimbikitsa adyo ndi mandimu, ndipo ma ARV sanayambe kugawidwa m'zipatala za boma mpaka mu 2004. Mu 2016 tinaonanso zithunzi za m'busa wa ku Limpopo akupopera anthu kumaso mankhwala ophera tizilombo, ndipo khoti linamupeza wolakwa mu 2018. Tonse tinagwedeza mitu, koma kuuza munthu mwakachetechete kuti asiye mapiritsi n'koopsa kuposa pamenepo, kungoti palibe amene amajambula.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikanakonda kuti m'busa aliyense aphunzire asanadzozedwe. Munthu akamamwa ma ARV mokhulupirika, kachilombo kamachepa m'magazi mpaka makina oyezera kuchuluka kwake sakaonanso, koma kamakhala katabisala m'thupi. Pepala likabwera lolembedwa kuti kachilombo sikakuoneka, tanthauzo lake n'lakuti mankhwala akugwira ntchito, osati kuti matenda atha. Pepala lomwelo ndi limene anthu amalikweza m'mwamba pochitira umboni, mpingo n'kuimba nthungululu, ndipo m'busa wosadziwa amati aleluya pamene anayenera kunena kuti tiyamike Mulungu, ndipo mawa mumwenso. Munthuyo akasiya, kachilombo kamachulukanso, ndipo nthawi zina mankhwala akale aja sakagonjetsanso. Zimenezi sizifuna digiri, namwino akhoza kuzifotokoza m'mphindi khumi.

Sindikunena kuti chipatala chili ndi mayankho onse. Namwino amene waona anthu ambirimbiri kuyambira m'mawa sangadziwe kuti achimwene awa amagona anthu asanu m'chipinda chimodzi, ndipo amabisa botolo poopa kuti nkhani ikafika kumudzi pa WhatsApp dzuwa lisanalowe. Sangadziwe kuti mlongo uyu wadumpha tsiku lake la kuchipatala chifukwa abwana ake salola kujomba, kapena chifukwa chiphaso chake chinatha ndipo akuopa kufunsidwa mapepala pakhomo. Sayansi imadziwa mmene piritsi limagwirira ntchito, koma manyazi, mantha ndi kusungulumwa kwa munthu wokhala kutali ndi kwawo ndi ntchito ya mpingo, ndipo pamenepa tinalephera. M'bale wathu anaonda tikumuona, ndipo tinkangomuuza kuti tikukupemphererani, popanda mmodzi womufunsa ngati akumwa mankhwala kapena womuperekeza kukaonana ndi dokotala. Ine ndinali kuima pambali pake mu kwaya Lamulungu lililonse. Ndimakhulupirirabe kuti Mulungu amachiritsa, ndipo sindidzaleka kusanjika manja pa odwala, koma mneneri uja anapeza malo chifukwa iye ndi yekhayo amene analankhula naye za matenda akewo powatchula dzina.

Pa msonkhano wa akulu a mpingo sabata yatha ndinapempha kuti mayi wina wa mumpingo mwathu, amene ndi namwino, azipatsidwa mphindi zochepa tikaweruka kuti aziyeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga, komanso kuyankha mafunso a anthu paokha. Mkulu wina, munthu amene ndimamulemekeza kwambiri, anati nyumba ya Mulungu si chipatala, ndipo tikayamba zimenezi anthu adzaleka kudalira pemphero. Abusa anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anatiuza kuti iwonso amamwa piritsi la BP m'mawa uliwonse asanatsegule Baibulo, ndipo ambiri a ife tinali tisanamvepo zimenezo. Sitinagwirizane zonse, moti nkhani ya HIV akuti tidzaikambenso mwezi wamawa, koma anavomera kuti makina oyezera aja abwere Lamulungu likudzali, ndipo tebulo tidzaliika kuseri kwa chitseko, pamene amayi amaikapo tiyi.